Wotchi ya otomatiki imadya kuchokera pa mkono wanu

Ntchito yanga ndi yokonza mawotchi kuno ku Chitipa, ndipo masiku ano anthu amene amakapikula katundu ku Tunduma ndi ku Nakonde akumandifunsa za kabokosi kotchedwa watch winder. Ndi kabokosi ka magetsi kokhala ndi mota, kamene kamazunguza wotchi pang'onopang'ono pamene mwaivula kuti isaime. Kwa ambiri a ife, yankho langa ndi lakuti musagule.

Wotchi ya otomatiki ilibe batire. Mukaitsegula kumbuyo mupeza kachitsulo kolemera, kooneka ngati theka la mwezi, kamene kamagwedezeka nthawi zonse mkono ukasuntha. Kugwedezeka kumeneko ndiko kumakunga sipuling'i, ndipo sipuling'iyo imamasuka pang'onopang'ono n'kumayendetsa mivi. John Harwood wa ku England ndiye anayambitsa wotchi ya pa mkono yotere m'ma 1920, Rolex inabweretsa kachitsulo kozungulira mbali zonse mu 1931, ndipo Seiko 5, imene ambiri kuno timaidziwa, inatuluka mu 1963. Seiko 5 yokungika bwino imayenda pafupifupi maola 40 ili pa tebulo. Mukaivula Loweruka madzulo, Lolemba m'mawa mungaipeze ikuyendabe.

Mantha amene anthu ali nawo ndi akuti wotchi ikaima, mafuta ake amauma. Mafuta a masiku ano sauma chifukwa cha kuima kwa sabata kapena mwezi. Amatha mphamvu ndi zaka, kaya wotchi ikuyenda kaya ili m'dirowa. Chimene kabokosika kamachita ndi kuyendetsa magiya usana ndi usiku, ndiye kuti akuperepeseka pamene palibe akuyang'ana nthawi. Mawotchi amene amafika pa tebulo langa amabwera ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, thukuta, ndi chinyontho cha ku Misuku chimene chalowera pa labala yotha. Zimenezi kabokosi sikateteza. Onjezani kuthimathima kwa magetsi: kabokosi kakaima, kamaleka kukunga wotchi.

Kabokosika kali ndi ntchito kwa munthu wa mawotchi angapo okhala ndi kalendala yovuta, yowerenga miyezi, zaka ndi maonekedwe a mwezi, imene kuitchera pambuyo poti yaima kumafuna luso. Otere kuno ndi owerengeka. Pa wotchi ya batire kabokosika sikathandiza chilichonse, ndipo samalani, ena amagulitsa ya batire yolembedwa "Automatic" pamwamba.

Wotchi yanu ya otomatiki ikaima, igwedezeni mofatsa uku ndi uku kwa theka la mphindi, tcherani nthawi, valani. Seiko 5 zakale sizikungika ndi kachitsulo ka m'mbali, choncho musalimbane nako. Tsiku musalisinthe mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo magiya a kalendala amakhala atalumana ndipo mano ake angathyoke. Ndalama ya kabokosiyo isungeni, pakapita zaka zinayi kapena zisanu mudzatsukitse wotchi, kuthira mafuta atsopano ndi kusintha labala.