Msonkho wa Nyumba: Masheleni Atatu Amene Anautsa Mkwiyo

Pamene Britain inkalengeza mu 1891 kuti dziko limene lero ndi Malawi lili pansi pa chitetezo chake, anthu ambiri a m'midzi sankagwiritsa ntchito ndalama. Munthu ankasinthanitsa mchere ndi nsalu, khasu ndi nkhuku, ndipo moyo unkayenda. Koma Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, ankafuna ndalama zoyendetsera boma lake, pomwe azungu amene anatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje ankafuna anthu owalimira khofi. Msonkho wa nyumba unakwaniritsa zofuna ziwirizi nthawi imodzi.

M'zaka za m'ma 1890 nyumba iliyonse inkalipira masheleni atatu pa chaka. Ndalamayo imaoneka yochepa, komatu funso ndi lakuti munthu wa kumudzi akanaipeza kuti. Njira yodalirika inali imodzi: kukagwira ntchito kwa mzungu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linaonetsa poyera cholinga chake pokweza msonkhowo kufika pa masheleni asanu ndi limodzi, koma n'kulamula kuti amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi wathunthu, ndipo ali ndi chikalata chotsimikiza, azilipira theka lokha. Kunena mosapsatira, lamuloli linkasaka manja a anthu kuposa ndalama zawo. Wolephera kulipira ankatha kuwotcheredwa nyumba, ndipo nthawi zina asilikali ankagwira mkazi wake mpaka mwamunayo atapeza ndalama.

Anthu anayamba kukana ndi mapazi. Ena ankathawira m'mapiri akamva kuti okhometsa msonkho ali m'njira, ena ankaoloka malire kupita ku Mozambique. Anyamata ambiri, makamaka ochokera kumpoto, anauyamba ulendo wapansi wa ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, kumene malipiro anali okwererapo. Ena mwa iwo sanabwererenso, ndipo awa ndiwo matchona amene agogo athu ankawatchula ndi chisoni. Tikamaona mabanja olankhula Chichewa ku Zimbabwe ndi ku South Africa lero, tisaiwale kuti maulendo ambiri oyambirira anayambira pa ngongole ya msonkho.

Kumene nkhanza zinafika posauzana ndi m'minda ya azungu. Mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana ntchito pakati pa anansi, koma m'maesiteti anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Munthu wokhala pa malo a mzungu ankayenera kugwira ntchito mwezi umodzi m'malo mwa lendi ndi mwezi wina wolipirira msonkho. Ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce Estates imene ankayang'anira William Jervis Livingstone, miyeziyo inkatalikitsidwa mwadala, chifukwa tsiku silinkawerengedwa ngati munthu sanamalize ndime yomwe kapitawo wamupatsa. Ambiri mwa ovutikawa anali Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwowa analibe malo awoawo, motero sakanatha kudandaula popanda kuopa kuthamangitsidwa.

Dandaulo la msonkho linalowanso m'maulaliki. Mu 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, akulalikira za ufumu watsopano umene sudzakhala ndi msonkho. Boma silinachedwe kumuchotsa m'dzikomo mu 1909. Atsamunda anali ndi chifukwa chochitira mantha, pakuti zaka zitatu m'mbuyomo, mu 1906, mfumu Bambatha ya fuko la Zondi inatsogolera nkhondo ku Natal yokana msonkho wa paundi imodzi pa mwamuna aliyense, ndipo Azulu zikwi zingapo anaphedwa.

Kufupi ndi Magomero, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kunali mishoni ya Providence Industrial Mission imene M'busa John Chilembwe anakhazikitsa mu 1900 atabwerako ku maphunziro ku America. Akhristu ake ambiri anali anthu a thangata omwewo, ndipo matchalitchi amene ankamanga pa malo a Bruce ankawotchedwa. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, boma linayamba kutenga amuna kukakhala asilikali ndi amtengatenga. Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi akukafera nkhondo yosawakhudza. Boma linatsekereza kalatayo.

Usiku wa pa 23 January 1915 otsatira ake anaukira Magomero n'kupha Livingstone, pomwe gulu lina linapita kukalanda mfuti ku sitolo ya Mandala ku Blantyre koma silinapeze zokwanira. Kuukiraku kunatha m'masiku ochepa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February kufupi ndi malire a Mozambique, tchalitchi chake cha njerwa chinagumulidwa, ndipo otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa.

Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinayambitsa kuukirako, ndipo mboni zachikuda zinafotokoza momveka za thangata, za chikoti ndi za msonkho. Bungwelo linadzudzula kayendetsedwe ka minda ya Bruce, koma msonkho wa nyumba sunachotsedwe. Thangata nayenso anapitirira kwa zaka zina 47, mpaka lamulo la mu 1962 litamuthetsa, kutatsala zaka ziwiri kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira.