Musanatsitse khasu, dziwani zimene zili pansi pa nthaka

Mvula ikasiya, mbewu zikalowa m'nkhokwe, ku Nachisaka kumayamba nyengo yokumba. Wina akukumba maziko a nyumba ndi ndalama za fodya, wina dzenje la chimbudzi, wina nkhuti ya njerwa, pamene a pulogalamu ya Mbwezera Chilengedwe akudula ngalande zokolola madzi m'mapiri. Kale wokumba ankangolimbana ndi miyala ndi mizu. Lero pansi pa nthaka yomweyo pakudutsa katundu wa anthu ambiri: mapaipi ochoka pa thanki kupita ku mipopi ya pasukulu ndi pachipatala, nthambo zochoka pa masola kupita ku pampu, mapaipi a mthirira, mawaya okwiriridwa mozungulira thiransifoma. Mukafika pa Boma la Dowa, pa Mponela kapena pa Boma la Ntchisi, pamawonjezeka mapaipi a bungwe la Central Region Water Board ndi nthambo za makampani a lamya. Munthu mmodzi akamenya piki pamalo olakwika, mudzi wonse umabwerera kukatunga kudambo, ndipo nthawi zina womenyayo sadzukanso.

Ku America, kuyambira chaka cha 2007, wofuna kukumba amangoimba nambala imodzi, 811, masiku ochepa ntchito isanayambe. Eni mapaipi ndi nthambo amabwera kudzalemba pansi ndi penti: wofiira pa magetsi, wabuluu pa madzi akumwa, wachikasu pa gasi. Kuno kwathu chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo wokumba ayenera kugogoda khomo lililonse palokha. Nzotopetsa, koma makomo ake ndi odziwika, ndipo ambiri ali pafupi.

Khomo loyamba ndi la mfumu ndi komiti ya madzi. Mapaipi ambiri a m'midzi anaikidwa m'ngalande zimene eni mudzi anakumba okha. Ndi mwambo wakale umenewu m'dziko muno: unayamba mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kumene anthu anakumba okha njira ya mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri. Choncho m'mudzi simusowa amayi kapena abambo amene anagwira nawo khasu pa ntchitoyo, kapena mmisiri amene amakonza mipopi ikawonongeka. Atengeni mupite nawo pamalo penipeni, musangocheza nawo pakhonde. Komabe dziwani kuti anthu amakumbukira njira ya paipi potchula zinthu zimene zimasuntha. Akati inadutsa kumunsi kwa mtengo wa mango, mwina mtengowo unadulidwa kale. Akati inatsata njira yakumunda, mwina njirayo inakhota chaka cha mvula yambiri. Mawu awo akupatsani chigawo choyenera kusamala, osati mzere weniweni.

Kuchoka pamenepo ndi ku khonsolo ya boma lanu. Ofesi ya zamadzi ndiyo imalondoloza mijigo ndi mipopi ya kumidzi, kuphatikizapo yambiri imene mabungwe omwe si aboma anamanga nkuchoka. Ofesi ya zomangamanga imadziwa za misewu ya m'boma ndi nyumba za boma. Ngati mukumanga pa Boma kapena pamalo ena amene ali pansi pa mapulani a tauni, lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti pulani yanu ivomerezedwe musanayambe, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yofunsiratu zimene zinadutsa pa puloti yanu. Anthu ambiri amalowa m'maofesi amenewa ngati akukapempha chifundo. Ayi ndithu. Kuyambira pa 30 September 2020, pamene lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito, nzika ili ndi ufulu wopempha uthenga umene ofesi ya boma ikusunga. Njira ya paipi imene inagulidwa ndi ndalama za anthu si chinsinsi cha wina aliyense.

Kumene kuli madzi a bodi, malire ake ndi mita. Paipi yochoka mumsewu kufika pa mita ndi ya bungwe la madzi, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995. Yochoka pa mita kulowa m'nyumba ndi ya mwini nyumba, ndipo amene amaidziwa ndi pulambala amene anaiika. Lembani kalata kwa woyang'anira ofesi ya bodi yapafupi, munene malo, tsiku loyamba ndi kuya kwa dzenje, mujambulenso kachithunzi kosonyeza pamene mukumbe. Pemphani kuti munthu wawo abwere adzakhome zikhomo. Kalatazo zikhale ziwiri, ina akudindireni mutenge. Chinthu chikadzalakwika, pepala lodindalo ndilo lidzasonyeze kuti munafunsa.

Magetsi a ESCOM kumidzi kuno amayenda m'mwamba, pa mapolo, ndipo nchifukwa chake ambiri amaganiza kuti pansi palibe choopsa. Koma pa thiransifoma iliyonse pali mawaya otsikira pansi amene ntchito yake ndi kutaya mphamvu m'nthaka pakachitika vuto. Mukawadula, mwachotsa chitetezo cha nyumba zonse zimene zimatapa magetsi pamenepo. Pachipatala, pasukulu yasekondale kapena pachigayo, nthambo yochoka pa polo kapena yolumikiza nyumba ina ndi inzake imatha kukhala yokwiriridwa. Kukumba dothi la njerwa m'tsinde mwa polo kapena pafupi ndi waya wokoka polo nkoopsanso: mvula ikafewetsa nthaka, polo yonyamula mawaya a mavoti 11,000 kapena 33,000 imagwa. Masola nawo musawaderere. Dzuwa likamawala, nthambo yochoka pa masola imakhala ndi moto ngakhale pampu itazimitsidwa.

M'mbali mwa msewu ndimo mumadutsa zinthu zambiri. Msewu waukulu ngati M1 uli ndi malo ake okwana mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo m'menemo ndimo amakonda kuika mapaipi aakulu ndi nthambo za intaneti. Kukumba m'malo amenewa, ngakhale kangalande kodutsitsa paipi yanu, kumafuna chilolezo cha Roads Authority, kapena cha khonsolo ngati msewuwo uli m'manja mwake. Nthambo ya intaneti siigwira munthu ngati magetsi, koma ikaduka, mafoni ndi ntchito zotumizirana ndalama zimatha kuima m'dera lonse.

Makontirakitala ena amabwera ndi kachipangizo kofufuzira nthambo, kamene kamalira kakamva mphamvu ya magetsi pansi. Ndi kothandiza, koma kali ndi malire amene woyang'anira ntchito aliyense ayenera kuwadziwa. Kakamagwira kokha, kamamva bwino nthambo imene magetsi akuyenda. Tsiku limene magetsi azima, kamatha kudutsa pamwamba pa nthambo osalira, anthu nkuyamba kukumba mosaopa, magetsi nkuyaka piki ili m'mwamba. Nchifukwa chake odziwa ntchito amalumikiza kabokosi kena kotumiza chizindikiro m'nthambomo kuti imveke ngakhale ilibe moto. Vuto lachiwiri ndi lakuti mapaipi ambiri a masiku ano ndi apulasitiki, ndipo kachipangizoka sikawamva pokhapokha ngati anakwirira waya pamodzi ndi paipiyo. Makina ena oona pansi pa nthaka alipo, koma ndi odula, ndipo m'dothi la makande lonyowa saona patali. Kontirakitala akanena kuti makina sanapeze kanthu, ntchito yofufuza sinathe.

Maso ndi fosholo ndizo zimamaliza. Yendani pamalopo musanakumbe, muyang'ane timizati tasimenti, mabokosi a mavavu, mzere umene nthaka inatitimira, kapena udzu wobiriwira m'chilimwe pamene pena ponse pauma. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi musakhulupirire kuya kumene anakuuzani. Paipi imene inaikidwa mofika m'chiuno pamtsetse, madzi a mvula atakokolola dothi zaka khumi, lero imatha kukhala pongopala ndi khasu. Kumunsi, kumene dothilo linakaunjikana, ili pansi kuposa kale. Kumbani timaenje toyesera mopingasa mzere umene mukuuganizira, pang'onopang'ono, ndi fosholo, kufikira mutaiona paipiyo ndi maso. Piki ndi chitsulo chosongoka zikhale patali. Mukakumana ndi mchenga m'dothi lofiira, njerwa zoyalidwa mondondozana kapena kansalu kapulasitiki kautoto, imani: amene anaika nthambo anasiya zimenezo kuti zikuchenjezeni. Makina okumbira ayambe pokhapokha chinthucho chitaoneka ndipo chatetezedwa.

Ngozi ikachitika, pa magetsi aliyense achoke m'dzenjemo, wina asakhudze nthambo kapena chitsulo chimene chaikhudza, ndipo pakhale munthu woletsa ana kuyandikira kufikira eni ake atafika. Ngakhale nthamboyo itangosupuka khungu, nenani. Madzi akadzalowa m'balalo, idzaphulika tsiku lina palibe amene akuyembekezera.

Pa paipi ya madzi pali chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri: kumanga pobooka ndi mphira wa chubu, kukwirira msanga, nkukhala chete. Madzi akasiya kuyenda, paipi imayamwa zimene zili kunja kwake kudzera pobookapo, ndipo ngati pafupi pali chimbudzi kapena khola, zonyansazo zimakatuluka pa mpopi pamene ana akutunga. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu March 2022 ku Machinga nkupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuulula kuti mwaboola paipi kungakudyereni ndalama yokonzera, koma komiti ikadziwa imatseka vavu, kukonza bwino ndi kutsuka mapaipi madzi asanabwerere kwa anthu.

Mavuto ambiri a wokumba amayamba tsiku limene chitukuko chikuperekedwa. Pamakhala magule, zolankhula, kudula kansalu, kontirakitala nkukwera galimoto mapu ali m'chikwama chake. Makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC, ali ndi mphamvu yokana zimenezi, chifukwa ndiwo amalandira ntchito m'malo mwa anthu. Asanavomere kuti ntchito yatha, afunse mapu osonyeza mmene mapaipi ndi nthambo zinayendera zenizeni, osati mmene anaganizira poyamba, popeza ngalande imakhota ikakumana ndi thanthwe. Mapuwo asonyeze kuya kwake, pamene pali mavavu, ndi mtunda wochoka pa zinthu zosasuntha monga ngodya ya kalasi kapena mlatho. Timizati tasimenti tikhomedwe pokhota paliponse ngalande isanamere udzu. Mapu amodzi apite ku khonsolo, ena kwa mfumu, ena asungidwe ndi komiti ya madzi. Kumene mapaipi anaikidwa kale popanda mapu, amene anakumba ngalandezo akadalipo ambiri, ndipo chilimwe chino akhoza kuyenda mzere wonse ndi mlembi wa komiti, kope ndi chingwe choyezera zili m'manja.