Bola kale? Funsani omwe anabwezedwa pageti la msika

Loweruka lapitali ndinalowa mumsika wa Limbe kukagula usipa. Nditadandaula za mtengo, bambo wogulitsayo anandiyankha mokweza: "Achimwene, matipate munkafuna ija ndi imeneyi. Bola nthawi ya Kamuzu, zinthu zinali zotchipa ndipo mbava zinkaopa."

Mayi wachikulire wogulitsa tomato pambali pake sanaugwire mtima. "Bambo, inu munali ndi khadi. Ine ndinabwezedwa pageti, dengu lili pamutu." Mkangano unabuka pomwepo. Ine, poti ndinabadwa zonsezi zitatha, ndinangotchera khutu.

Kwa anzanga obadwa dzulofe, nkhani yake ili motere. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi cha Kongeresi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Khadi la chipani linasanduka chiphaso. Ayufi a malaya ofiira ankaima polowera mumsika ndi pokwerera basi. Wopanda khadi, bwerera kwanu.

Mayiwo ndi a Mboni za Yehova, omwe chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa chipani chilichonse. Boma linaletsa chipembedzochi mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zinaotchedwa, anthu anamenyedwa, ena anaphedwa. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique.

Bambo wa usipa sanagonje. Ati khadilo silinali lodula, a Mboniwo anaziputa dala. Ati iwo ankapemphera Lamulungu lililonse popanda wowafunsa, ndipo Ngwazi nayonso inali mkulu wa mpingo.

Pamenepo mnyamata wokonza mafoni, yemwe akuti anakhoza bwino mbiri ya dziko ku sekondale, analowererapo. Ati mipingo inali pa ufulu pokhapokha mbusa akatseka pakamwa. Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula umphawi ndi kupondereza anthu itawerengedwa m'matchalitchi, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Mabishopuwo anafunsidwa ndi apolisi, ndipo mmodzi wa osayina, John Roche wa ku Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno. Pa 6 April Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti ufulu wopembedza ndi ufulu wa ndale ndi ana amapasa. Ukatsina mmodzi, mnzake amaliranso. Nyali itagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu ya pa 14 June 1993, sipanapite miyezi itatu, a Mboni analoledwa kupembedza poyera.

Tisawanyoze bambo wa usipa. Ufulu suphikidwa m'poto, ndipo wogona ndi njala ali ndi chifukwa chokumbukira kale. Koma taonani: Kongeresi yomweyo inabwerera m'boma ndi voti mu 2020, n'kutulukanso ndi voti mu 2025. Kale mukanayambira pati?

Pochoka ndinawafunsa: "Bambo, mwadzudzula boma msika wonse ukumva. Mu 1985 mukanagona kuti usiku uno?"

Anaseka, osayankha. Kenaka anandiwonjezera basera ya usipa wodzaza dzanja.