MPENI WA KUWALA UFEWETSA ZIPSERA ZA NKHONDO

Acikulire a mu Lusaka akali kukumbukira tsiku la 19 Okutobala 1978, pamene ndeke za asilikari a Ian Smith zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda. Anthu oposa 200 anafa, ndipo opwetekedwa ambiri anawatengera ku cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital.

Masiku amenewo nchito ya dokotala inali kupulumutsa moyo: kuletsa mwazi, kucotsa zidutswa za citsulo, kudula mnofu wakufa ndi kusoka. Koma cilonda ca bomba kapena ca moto cikapola cimasiya cipsera colimba ngati cikumba couma. Cipseraco cikakhala pa cigongono kapena pa zala cimakoka khungu, munthu nalephera kugwira khasu.

Lero kuli cida cothandiza pa bvuto limeneli. Dzina lace ndi laser, ndiko kuwala kwamphamvu kounjikidwa pamalo amodzi. Laser yoyamba inapangidwa ndi Theodore Maiman ku America mu 1960, ndipo mu 2004 akatswiri anapeza njira yoigawira m'timizere tating'ono. Dokotala amabowola nayo timabowo tambirimbiri m'cipsera, toonda ngati tsitsi, nasiya khungu lamoyo pakati pace. Thupi podzaza timabowoto limamanga mnofu watsopano wofewa.

Madokotala a asilikari ku San Diego anacita zimenezi pa anyamata obvulala ku nkhondo za Iraq ndi Afghanistan, ndipo ziwalo zimene zinali zouma zinayamba kupindika bwino. Komabe makinawa ndi a mtengo wapatali, wodwala amabwerera kangapo, ndiponso pa khungu lakuda pafunika dzanja lodziwa, cifukwa kutentha kukapitirira kumasiya mawanga.

Nkhaniyi ikhudza asilikari athu amene amalandira thandizo ku cipatala ca Maina Soko ku Woodlands, makamaka poti kuyambira mu 2015 Zambia yakhala ikutumiza gulu la nkhondo kukasungitsa mtendere ku Central African Republic. Ikhudzanso anthu a kumudzi, pakuti cipsera ca mwana wogwera pamoto cimakoka mofanana ndi ca msilikari. Mukaona cipsera cikupinda dzanja la mwana, musachemerepo mphini. Pitani naye ku cipatala msanga, ciwalo cisanaume.