Manambala a galimoto zakale za asilikali ku Britain

Ku Britain kuli anthu wamba ambiri amene amasunga galimoto zakale za asilikali, monga Willys MB ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Land Rover ndi malole a Bedford. Galimoto yotere ikachoka m'manja mwa asilikali, siloledwa kuyenda pamsewu ndi nambala yake ya usilikali. Mwini wake amayenera kuilembetsa ku DVLA, bungwe la boma lomwe likulu lake lili ku Swansea.

Nambala ya usilikali

Kuyambira mu 1949, nambala za galimoto za asilikali a Britain zinkakhala ndi manambala awiri, zilembo ziwiri ndi manambala ena awiri. Nambalazi ndi za unduna wa zachitetezo, choncho wogula galimoto satenga nambalayo ngati yake.

Kalembetsedwe

Mwini galimoto amalemba fomu ya V55/5 ndi kupereka umboni wa chaka chimene galimotoyo inapangidwa. Umboniwu ungachokere m'zikalata za undunawo kapena ku magulu a osunga galimotozi, monga Military Vehicle Trust. DVLA ikakhutira, imapereka nambala yogwirizana ndi zaka za galimotoyo. Umboni ukasowa, galimoto imapatsidwa nambala yoyamba ndi chilembo Q, kusonyeza kuti chaka chake sichikudziwika.

Mtundu wa chikwangwani

Galimoto zamasiku ano zimakhala ndi chikwangwani cha nambala choyera kutsogolo ndi chachikasu kumbuyo. Koma galimoto yopangidwa pasanafike pa 1 January 1980, yomwe inalembetsedwa m'gulu la galimoto zakale, ingathe kukhala ndi chikwangwani chakuda cha zilembo zoyera kapena zasiliva.

Msonkho ndi chilango

Galimoto yopitirira zaka 40 ikalembetsedwa m'gululi silipira msonkho wa pamsewu, ngakhale mwini wake amayenerabe kuilembetsa chaka chilichonse. Kuyambira mu May 2018, galimoto zing'onozing'ono za zaka zimenezi sizikakamizidwanso kukayesedwa chaka ndi chaka pa mayeso a MOT, pokhapokha ngati zinasinthidwa kwambiri. Malole aakulu ali ndi malamulo awoawo.

Eni ake ambiri amapentanso zizindikiro zakale za usilikali pa galimoto zawo pokaonetsa kumisonkhano. Komabe pamsewu nambala ya DVLA iyenera kuoneka bwino. Woyendetsa galimoto yomwe nambala yake sinaikidwe motsatira lamulo angalipitsidwe chindapusa chofika mapaundi 1,000.