Odya za Burashi ndi Nsompho mu Blantyre

Wolowa m'malo ogona alendo a ku Nyambadwe, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka, salephera kuona chithunzi chojambula pamanja chitapachikidwa pakhoma. Pena ndi nkhwazi itakwatula chambo, pena mlambe dzuwa likulowa, pena phiri la Mulanje litavala mitambo. Pakona ya chinsalucho pamakhala dzina laling'ono limene anthu ambiri saliwerenga n'komwe. Mwini dzinalo ndi munthu wa lendi ndi fizi ngati wina aliyense, ndipo burashi ndilo khasu lake.

Anthu a ntchitoyi mu Blantyre ndi amitundumitundu. Alipo ojambula ndi penti pa chinsalu, amene ambiri mwa iwo anayambira kulemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Alipo a batiki, amene amasungunula phula, kulipaka pansalu, kuiviika mu utoto, kenaka n'kuchotsa phulalo kuti chithunzi chituluke. Ellis Singano ndi mmodzi mwa odziwika pa lusoli mumzindawu. Palinso opanga mapepala pamanja, monga a bungwe la PAMET, amene amasandutsa makungwa a nthochi, mapepala otayidwa ngakhale ndowe za njovu kukhala makadi ndi timabuku. Koma gulu lalikulu ndi la osema ziboliboli, ndipo katundu wawo ndi amene amayalidwa m'misewu yoyandikana ndi Victoria Avenue: mvuu, njovu, bawo, matebulo a miyendo itatu ndi mipando ya mafumu.

Ochepa mwa anthuwa anadutsa ku Chancellor College ku Zomba, kumene Kay Chiromo ndi Willie Nampeya anaphunzitsako zaluso. Ena anasulidwa ku Kungoni, ku Mua m'boma la Dedza, malo amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976. Ochuluka anaphunzira pogwirira malume awo chipika, kuyambira kukwecha ndi sandipepa mpaka tsiku limene anapatsidwa nsompho.

Pamsewu, chithunzi chimagulidwa ngati tomato. Wogula amanenerera, wogulitsa amayang'ana dzuwa kuti lapendeka pamene kunyumba kulibe ufa, ndipo ntchito ya sabata yathunthu imapita pa mtengo wosakwana n'kubweza penti. Nthawi zambiri wogulitsayo si amene anajambula, ndi venda amene anapikula. Pofuna kuti malonda ayende, wojambula amabwereza mlambe womwewo kambirimbiri chifukwa ndi umene alendo amaufuna, luso lake n'kuima pomwepo.

N'chifukwa chake nyumba zoonetseramo zaluso zili zofunika kwambiri kwa anthuwa. Yodziwika bwino ndi La Caverna, imene ili pansi pa Mandala House, nyumba imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882; pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi. M'malo otere chithunzi chimaikidwa mufulemu, pambali pake n'kulembapo dzina la mwini wake ndi mtengo wosanenerera. Eni malo amadulapo gawo lawo chikagulidwa, ndipo ojambula ena amadandaula nalo gawolo. Komabe chionetsero chimapatsa wojambula zimene msewu sungamupatse: miyezi yokonzekera ntchito zingapo za mutu umodzi, anthu oima n'kuyang'ana mosathamanga, atolankhani, ndiponso wogula amene mawa adzamufunafuna ndi dzina. Jacaranda Cultural Centre nayo yakhala ikutsegulira makoma ake ojambula achinyamata, ndipo Blantyre Arts Festival, imene inayamba mu 2009, imapereka mpata kwa ojambula pambali pa oimba ndi azisudzo.

Makoma oterewa ndi owerengeka kwambiri pa mzinda waukulu chotere. French Cultural Centre ya ku Chichiri, imene inalera aluso ambiri, inatsekedwa mu 2011 n'kupita m'manja mwa boma, ndipo kwa zaka zambiri nyumbayo inakhala yowonongeka.

Chopweteka kwambiri pa ntchitoyi n'chakuti chilengedwe chimene chimaidyetsa chikutha anthu akuona. Woima ku Nyambadwe n'kuyang'ana phiri la Ndirande amaona miyala ndi minda pamene panali nkhalango mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Phiri la Soche linametedwa chimodzimodzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe, anthu ambiri n'kufa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Wojambula amene lero akupenta Ndirande wobiriwira akujambula zimene anamva kwa agogo ake kapena zimene anaona ali mwana. Chithunzi chotere chili ndi ntchito yoposa kukongoletsa chipinda cha alendo, chifukwa chimasonyeza mwana wa ku Ndirande mmene phiri lake linalili.

Osema ndiye ali pakati pa moto. Mtengo wawo wapamtima ndi phingo, wakuda bii ndi wolemera, koma umakula pang'onopang'ono ndipo tsopano amautsata kutali. Kuyambira mu 2017 malonda a phingo kunja kwa dziko ali pansi pa malamulo a pangano la maiko la CITES. Ena asamukira ku mlombwa, mbawa ndi jakaranda, n'kumadetsa chiboliboli ndi polishi wa nsapato. Pamenepa palibe cholakwa ngati wogula wauzidwa zoona. Ndipo n'kosayenera kuloza chala osema okha, pakuti mitengo yambiri yozungulira Blantyre yathera m'matumba a makala.

Ojambula ndi penti nawo ali ndi awo mavuto. Penti wabwino, maburashi ndi chinsalu zimachokera kunja, kotero kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Ambiri amagwiritsa ntchito penti wa nyumba ndi nsalu wamba yopaka laimu kapena penti woyera. Mliri wa Covid-19 unali utawaonetsa kale mu 2020 kuopsa kodalira alendo akunja: ndege zitaleka kutera ku Chileka, malonda anaima.

Luso la Amalawi silikayikitsa. Mu 2022 chosema cha Samson Kambalu choonetsa John Chilembwe chinaimikidwa ku Trafalgar Square mu London. Chimene chikusowa ndi ogula a konkuno ndiponso malo oonetsera. Mabanki, mahotela ndi makampani a mu Blantyre ndi Limbe ali ndi makoma ataliatali, sukulu ndi mipingo ya ku Nyambadwe ili ndi maholo amene amakhala otseka masiku ambiri pa sabata. Eni malowa awatsegule, ojambula ndi osema aonetsemo ntchito zawo kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo amene ali ndi ndalama agule kwa mwini luso pa mtengo umene walembapo.