Kachipangizo ka magetsi koyezera ma amino acid mu chimanga cha QPM

Alangizi ambiri amafunsa kuti angadziwe bwanji ngati chimanga cha QPM chomwe mlimi wasunga chikadali QPM. Ndi maso simungadziwe. Ubwino wa chimangachi uli mu lysine ndi tryptophan, ma amino acid awiri omwe chimanga wamba chimasowa, ndipo QPM ili nawo pafupifupi kuwirikiza kawiri. Tryptophan ndi amene thupi limapangira niacin, yemwe akaperewera amadzetsa pellagra, matenda omwe anagwira othawa nkhondo a ku Mozambique zikwizikwi m'Malawi muno mu 1990.

Vuto nlakuti jini ya opaque-2, yomwe akatswiri a ku Purdue University anaonetsa phindu lake mu 1964, imagonja ikakumana ndi mungu wa chimanga wamba. Njere yolandira mungu wa m'munda woyandikana imataya ubwinowo, koma pa chitsononkho imaoneka chimodzimodzi.

Apa mpomwe tizipangizo ta magetsi tikubwera. Timagwira ntchito ngati kachipangizo koyezera shuga m'magazi ka ku chipatala. Mumadonthezera madzi a ufa pa kachingwe ka kaboni, makina nkupereka mphamvu yochepa, yosafika volti imodzi. Tryptophan amataya maelekitironi pa kaboniyo, ndipo magetsi akachuluka ndiye kuti tryptophan ngwambiri. Lysine sachita zimenezi payekha. Amafuna enzyme ya lysine oxidase, yomwe imatulutsa hydrogen peroxide, ndipo makina amayeza iyeyo.

Komabe kachipangizoka sikoti mungokagunditsa ku njere. Ma amino acid amakhala omangika mu pulotini, choncho ufa uyenera kugayidwa kaye ndi enzyme monga papain, wochokera ku papaya. Asidi sagwiritsidwa ntchito chifukwa amawononga tryptophan yemweyo. Tyrosine nayenso amatulutsa magetsi pa mphamvu yoyandikana, motero makina angawerenge mopitirira. Ine ndingatenge zotsatira zake ngati chosefera chabe: mbewu yokayikitsa ipitebe ku labotale.

Padakali pano alimi otsogolera ateteze mbewu kumunda. Talikitsani QPM ndi chimanga china mamita osachepera 200, kapena siyanitsani nthawi yobzala kuti ngayaye zisatulukire pamodzi. Mbewu yosunga itengedwe pakati pa munda, osati m'mizere ya m'mphepete.